Nambala Imene Sindidaione

M'bokosi la mabuku anga akale muli pepala lina limene ndalisunga kwa zaka zoposa 30. Ndi pepala la mayeso oyeserera a Folomu 4, amene ophunzira amangoŵatchula kuti moko, ndipo ndidalilemba m'chaka cha 1994. Pepalalo lidayamba kufiira, m'makona mudadyedwa ndi njenjete, koma inki yofiira ya aphunzitsi ikuonekabe bwinobwino. Nambala zitatu zimene ndidalemba adazizunguliza ndi mzere, ndipo pambali pake adalembapo funso lalifupi lakuti, "Izi udaziona kuti?" Akazi anga adandifunsapo kangapo chifukwa chimene ndimasungira pepala limene ndidalephera, chonsecho mapepala amene ndidakhoza ndidaŵataya kalekale. Yankho lake ndi lalitali ndithu, ndipo limayambira m'labotale ya pasukulu imene ndidaphunzira.

Masiku ano ophunzira a MSCE amaphunzira Chemistry payekha ndi Physics payekha. M'nthaŵi yathu maphunziro aŵiriŵa adali m'thumba limodzi lotchedwa Physical Science, ndipo mphunzitsi mmodzi ankasenza onse. Athu adali bambo aatali, osaseka chisaŵaŵa, amene tinkaŵatchula kumbali kuti a Avogadro, chifukwa sabata sinkatha asanalembe pabolodi nambala yodziŵika ndi dzina la katswiri wa ku Italy ameneyu, 6.02 × 10²³. Dzinalo ankalidziŵa, ndipo ndikhulupirira kuti mumtima ankalikonda.

Ine ndidali wodziŵika m'kalasi monse kuti ndimakhoza phunziroli. Chinsinsi changa sichidali chakuya ayi. Ndidali ndi mutu wogwira zinthu msanga, ndipo ndili ku Folomu 3 ndidatulukira kuti mafunso a mayeso ali ngati alendo a pa Khirisimasi: obwera chaka chino ndi omwe aja adabwera chaka chatha, angosintha malaya. Choncho ndidasonkhanitsa mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo n'kuyamba kuloŵeza mayankho ake. Usiku anzanga atagona ndinkakhala pakhonde pamene padali getsi, mapazi nditaŵaviika m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisandigwire. Mukadandidzutsa pakati pa usiku n'kundifunsa kuti asidi n'chiyani, ndikadakuyankhani maso ali chitsinzinire kuti ndi chinthu chimene chimapereka proton, monga adafotokozera Brønsted ndi Lowry m'chaka cha 1923. Mukadafunsa chimene chimachitika asidi akakumana ndi alikali, ndikadati amathetsana mphamvu, ndipo pamatsala mchere ndi madzi. Ndikadatero n'kutembenuka, kupitiriza tulo tanga.

Pepala lolemba limakonda munthu wotere, ndipo pali chifukwa chake. Wochonga mayeso a dziko lonse amakhala ndi mulu wa mapepala a ana amene sadaŵaonepo, pamodzi ndi chikalata chomuuza mfundo zimene ziyenera kupezeka m'yankho lililonse. Mfundo ikapezeka, malikisi aperekedwa. Njira imeneyi ili ndi chilungamo chake, pakuti mwana wa ku Nsanje ndi mwana wa ku Chitipa amayesedwa ndi muyeso umodzi, ndipo wochonga sangakondere munthu amene sakumudziŵa. Koma wochongayo alibe poonera ngati mau aja adakhazikika m'mutu mwa mwanayo, kapena adangodutsamo ngati madzi m'paipi. Mafunso oŵerengetsera amayesako kukumba mozama, komabe nawonso ali ndi njira zake zoloŵezeka. Ukathetsa mafunso 20 a mamolo, la 21 umalizindikira likadali patali.

Labotale tidali nayo, koma mankhwala adali osoŵa, ndipo mabyureti adalipo 6 okha pa kalasi la ana oposa 40. Motero tinkagwira ntchito m'magulu. M'gulu lililonse munkafunika wogwira kampopi ka byureti, wogwedeza botolo ndi wolemba zotsatira, ndipo ine nthaŵi zonse ndinkathamangira cholembera. Mumtima ndinkati ntchito ya manja ndi ya anthu osathwa m'mutu. Zaka ziŵiri zidatha ndisanatseguleko kampopi kaja ngakhale kamodzi, ndipo palibe adazindikira, chifukwa lipoti la gulu lathu ndilo linkakhala laukhondo kuposa onse.

Tsiku la moko wa m'labotale aphunzitsi adatigaŵa m'timagulu toloŵa mosinthana, kuti aliyense akhale ndi byureti yakeyake. Patebulo panga ndidapeza mabotolo aŵiri. Lina lidali la hydrochloric acid, ndipo pepala lidanena kuti mphamvu yake ndi 0.1 M. Linalo lidali la sodium hydroxide, ndipo mphamvu yake ndiyo tidayenera kuipeza. Malangizo adali omwe aja ndidaŵalemba kambirimbiri m'kope: tunga 25.0 cm³ ya sodium hydroxide ndi pipeti, uthire m'botolo, udonthezemo phenolphthalein kuti madziwo asanduke apinki, kenaka uzithiramo asidi kuchokera m'byureti mpaka mtundu wapinki uzimirire. Uchite zimenezi katatu, ulembe kuchuluka kwa asidi amene wathira, ndipo uŵerengetse mphamvu ya alikaliyo.

Nditaŵerenga funsolo ndidamwetulira, pakuti yankho ndidali nalo kale. M'zitsanzo zonse zimene ndidaloŵeza, asidi wa 0.1 M ankakumana ndi alikali wa 0.1 M, ndipo byureti inkaima pa 25.0. Chimene chidatsala n'kungoti manja atsimikize zimene mutu unkadziŵa.

Manjawo ndiwo adandichititsa manyazi. Ulendo woyamba ndidatsegula kampopi ngati ndikutunga madzi pachitsime, ndipo mtundu wapinki udathaŵa ndisanaganize n'komwe zotseka. Byureti idaonetsa 23.8. Ndidadziŵa kuti ndapitirira, ndipo chidandidabwitsa n'chakuti ngakhale ndidapitirira chomwecho, pa 25 ndidali ndisanafikepo. Ulendo wachiŵiri ndidasuzumira mtsikana wina amene adali patebulo loyandikana nalo, ndi kuona kagwiridwe kake: dzanja lamanzere pakampopi, lamanja likugwedeza botolo mozungulira, pepala loyera pansi pa botolo kuti mtundu uzioneka bwino. Ndidatsanzira. Amene adachitapo ntchito imeneyi adziŵa kuti kumapeto kwake n'kumene kuli nkhani. Dontho likagwa, pamalo pamene lagwerapo pamayera, koma ukagwedeza, pinki amabweranso. Ukathira lina amabweranso, koma wofooka. Kenaka limafika dontho limodzi, losasiyana ndi anzake, limene likagwa madzi onse amangoti mbee, osabwereranso. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku limenelo ndidadekha koyamba m'labotale. Ndidaŵerama kuti diso lilingane ndi pamene madzi alekeza m'byureti, ndipo ndidaŵerenga 22.6. Ulendo wachitatu ndidapeza 22.4.

Pamenepo thukuta lidayamba kutsika m'khosi. Nambala ziŵirizi zinkagwirizana, koma sizinkagwirizana ndi buku. Ndidaganiza kuti mwina pipeti ndidaitunga moperewera, mwina byureti yanga njokhota, mwina maso anga ndiwo adandinamiza. Maganizo akuti bukulo linkanena za madzi ena, osati amene adali patsogolo panga, sadandifikire n'komwe. Kwa zaka zonsezo buku lidali lisanandikhumudwitsepo, pamene manja anga ndidali nditangoŵaona akulakwa mphindi zochepa zapitazo. Aphunzitsi atalengeza kuti kwatsala mphindi 10, ndidatenga labala n'kufufuta zonse. M'malo mwake ndidalemba 24.9, 25.0 ndi 25.0. Nambala ya 24.9 ndidaiikapo dala kuti zioneke ngati zenizeni, ndipo mwa zonse zimene ndidachita tsikulo, chimenechi ndicho chimandichititsa manyazi kufikira lero. Masamu ake ndidaŵathetsa mosavuta: 0.1 M. Ndidatuluka m'labotale mtima uli m'malo.

Patapita sabata mapepala adabwera. Pa pepala lolemba ndidapeza malikisi 78 pa 100, kuposa wina aliyense. Pa la m'labotale ndidapeza 6 pa 20. Belu la nkhomaliro litalira, anzanga akuthamangira kuholo yodyera, aphunzitsi adandikodola kuti nditsale.

"Mnyamata iwe, tandiuza. Izi udaziona kuti?"

"Pabyureti, aphunzitsi."

Adandiyang'ana kwa kanthaŵi osanena kanthu. Kenaka adafunsa ngati asintha nkhani. "Munthu akafuna kupanga lita imodzi ya sodium hydroxide wa 0.1 M, apime magalamu angati?"

"Magalamu 4.0, aphunzitsi," ndidayankha msangamsanga, ndikukondwa kuti tabwerera kumene ndimakudziŵa.

"Wakhoza. Tsono ine ndidapima magalamu 3.6. Tenga choko, uŵerengetse."

Ndidapita pabolodi. Molo imodzi ya sodium hydroxide imalemera magalamu 40, choncho magalamu 3.6 ndi mamolo 0.09 pa lita. Kuti 25.0 cm³ ya madzi otere ithe mphamvu, pafunika 22.5 cm³ ya asidi wa 0.1 M. Nditalemba nambala imeneyi dzanja lidangozizira, choko chili m'manja.

"Mu 1 cm³ mumakhala madontho pafupifupi 20," adatero iwo modekha. "Kuchoka pa 22.5 kukafika pa 25.0 ndiye kuti pali madontho ngati 50. Dzanja likhoza kunjenjemera n'kupitirira ndi dontho limodzi kapena aŵiri, zimenezo ndimakhululuka. Koma silinjenjemera madontho 50 katatu kondondozana."

Atatero adanyamula pepala langa n'kuliloza kuzenera. Kuŵala kwa dzuŵa kudaonetsa mikwingwirima ya pensulo imene labala adalephera kuichotsa: 22.6 ndi 22.4, zili pansi pa mabodza anga ngati maziko a nyumba yogumulidwa.

"Yankho lokhoza udali nalo m'manja, ndipo udalifufuta wekha. Malikisi 6 ameneŵa ndakupatsa chifukwa njira ya masamu ako njolondola. Enawo adali a maso ako, ndipo maso ako sudaŵalole kulankhula. Udzakakhala m'chipatala, kapena kumene amayeza madzi akumwa, n'kulemba nambala imene ukuganiza kuti akuluakulu akuiyembekeza, kudzaikidwa maliro. Pita ukadye."

Sadandipatse chibalo, ndiponso sadakanene kwa a hedi. Pambuyo pake ndidamva kuti sindidali ndekha. Tidalipo 9 amene tidalemba 25, ndipo ambiri mwa ife tidali omwe aja tinkakhala pamwamba m'kalasi. Ena adachita kumva kwa anzawo a kagulu koyamba, potulukira pakhomo, kuti "ndi 25 yomwe ija". Amene sadaloŵeze chitsanzo cha m'buku adalibe choti n'kuŵasokoneza. Adangolemba zimene adaona. Mtsikana uja ndidamusuzumira adapeza 22.5 kaŵiri, ndipo malikisi ake adali 18 pa 20, chonsecho pa pepala lolemba adapeza 51. Malikisi aŵiri amene adataya adali a masamu, pakuti adasokoneza pogaŵa ndi 1000.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti pakati pa iye ndi ine, wodziŵa Chemistry adali yani. Sindifuna kunyoza kuloŵeza, monga amachitira anthu ena amene amalankhula ngati kukumbukira ndi tchimo. Munthu sangaganize ndi mutu wopanda kanthu. Amene sadziŵa pamtima kuti molo ya sodium hydroxide ndi magalamu 40 adzaima njii pabolodi, ndipo mnzanga uja masamu ankamuvutadi. Komabe akadati tonse aŵiri atipatse botolo lopanda chizindikiro kuti tinene zimene zili m'katimo, ine mwini ndikadakhulupirira yankho lake kuposa langa. Pepala lolemba silikadaulula zimenezi ngakhale akadatilembetsa kakhumi.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndikayang'ana pepala lija n'china. Aphunzitsi aja akadapima magalamu 4.0, monga ankachitira masiku onse, bodza langa likadagwera pa choonadi. Ndikadapeza 20 pa 20, akadanditchula pamaso pa anzanga ngati chitsanzo, ndipo ine mwini ndikadakhulupirira kuti ndimaidziŵa ntchitoyo. Mayeso a m'labotale paokha sadandigwire ayi. Chidandigwira ndi magalamu 0.4 amene munthu wina adaganiza zoŵachotsa pasikelo madzulo a tsiku lapitalo. Funso limene yankho lake lili kale m'buku limangoyesa ngati mwana adaŵerenga bukulo, ngakhale mutamuimika pakati pa mabotolo ndi kumuveka chovala choyera. Kukonza funso limene buku silidayankhe kale ndi ntchito yolemetsa, yofuna mphunzitsi woganiza, mankhwala okwanira ndi nthaŵi. Alipo masukulu ambiri, makamaka akumidzi, kumene mwana amafika nyengo ya mayeso byureti ataigwirapo kamodzi kapena kaŵiri, mwinanso atangoiona pachithunzi. Mwana wotere akalephera, chimene chayesedwa ndi kabati ya mankhwala ya pasukulu yake, koma satifiketi imatuluka ndi dzina la mwanayo.

Masabata amene adatsala ndidasiya cholembera cha gulu. Loŵeruka lina ndidapempha kiyi wa labotale, ndipo aphunzitsi adakhala pakona akuchonga makope pamene ine ndinkadontheza asidi mpaka nambala zitatu zidagwirizana. Sadandiuze mphamvu ya madziwo, ndipo nditaŵapatsa yankho adangogwedeza mutu n'kupitiriza kuchonga. Mayeso enieni a MSCE adabwera n'kupita. Monga mudziŵa, zotsatira zake zimatuluka ngati nambala imodzi pa phunziro lililonse, kuyambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndiko kukhoza mwapamwamba, 9 ndiko kulephera. Ine ndidapeza 3. Zaka zinayi za kuloŵeza, bodza la tsiku limodzi ndi Loŵeruka lija, zonse zidapanikizidwa m'kanambala kameneka, ndipo aliyense amene adaona satifiketi yanga pambuyo pake adangoona 3.

Koma ndisanaione nambala imeneyi padapita miyezi yodikira, imene ndidakhala kumudzi kwa agogo anga aakazi. Agogowo sadapondeko m'kalasi. Tsiku lina masana ndidaŵapeza kuseri kwa khitchini akutcheza chidulo. Adali atatentha zitsononkho za chimanga ndi makoko a nyemba, phulusa lake ataliika m'chitini chobooleza pansi, ndipo ankathira madzi pamwamba kuti azidontha pang'onopang'ono m'mbale. Pamoto padali mphika wa chidede, ndiwo zija zoŵaŵasa zimene ena sazitha. Ndidaonapo zimenezi kambirimbiri chibadwire, koma tsikuli ndidakhala pansi n'kuyang'anitsitsa. Adatapa chidulo ndi chipande n'kuthira pang'ono mumphika. Ndiwo zidachita thovu. Adavundula, nadikira, nalaŵa. Adathiranso pang'ono, ndipo thovu lidatukuka locheperapo. Adalaŵanso.

Mutu wanga udachita ngati wina watsegula zenera. Chidede chimaŵaŵasa chifukwa muli asidi. M'phulusa la zomera muli potassium carbonate, amene akasungunuka m'madzi amakhala alikali, ndipo thovu lija ndi mpweya wa carbon dioxide umene umatuluka carbonate akakumana ndi asidi. Zonsezi ndidazilembapo pamayeso n'kupatsidwa malikisi ake, koma kwa zaka zinayi sindidaganizepo kuti zinkachitika pamafuwa a kwathu. Agogo ankachita ntchito yomwe ija ya m'labotale, chipande chili m'malo mwa byureti, lilime lili m'malo mwa phenolphthalein.

Ndidaŵafotokozera zonsezi mwachimwemwe, ndikutchula maina a Chingerezi motsatizana. Adandimvera mpaka ndidamaliza, uku akusonkheza moto. Kenaka ndidafunsa funso la mwana wa sukulu.

"Agogo, kodi mumphika ngati umenewu mumathira zipande zingati za chidulo?"

Adaseka mpaka kutsokomola. "Zipande zingati? Mdzukulu wanga, chidulo cha lero si cha dzulo. Phulusa lina limakhala laukali, lina lozizira. Chidede nachonso china chimaŵaŵasa kwambiri kuposa chinzake. Ukati dzulo ndidathira ziŵiri, lero ndithirenso ziŵiri, udzadyetsa anthu sopo. Umathira pang'ono, nulaŵa. Kodi kusukulu kwanuko sadakuuzeni zimenezi?"

"Adatiuza, agogo," ndidatero.

"Chabwino. Tsono tandipatsira nsinjirozo, zili m'lichero pakhomopo."